Ulendo wa pansi pa cisumbu ca Crete: yambani mwafunsa

Ife a kuno kwathu kuyenda pansi sitikuopa. Timapita ku cigayo thumba lili pamutu, pa Sondo timalawira kukapemphera kutali, ndipo amai amafika ku kiliniki mwana ali kumsana dzuwa lisanakwere. Motero tikamva kuti kuli anthu amene amalipira ndalama zambiri kuti akayende pansi m'mapiri a dziko la Greece, timaseka cabe. Komabe ena mwa owerenga athu ali ndi ana amene agwira nchito ku Ulaya ndipo tsiku lina adzawaitana kukaona malo. Ena ali m'magulu a mpingo amene amalakalaka kukaponda kumene anapita atumwi. Nkhani iyi ndi yao, cifukwa kumeneko kudzidalira kwapha anthu.

Tiyambe ndi malo. Greece ili ndi zisumbu zambiri, koma cacikulu pa zonse ndi Crete, cimene Baibulo limalemba kuti Krete. Utali wake ndi makilomita pafupifupi 260, ndipo pakati pake pali mapiri opitirira mamita 2,400. Buku la Macitidwe a Atumwi, mutu 27, limasimba kuti combo cimene cinanyamula Paulo ali mkaidi cinakoceza pa gombe la kumwera kwa cisumbuci, pa malo amene lero amachedwa Kaloi Limenes. Paulo anacenjeza kuti nyengo yoyenda panyanja inali itapita, koma eni combo sanamvere. Anafuna kukafika ku dooko la Phoenix, mphepo inawakankhira kutali, ndipo anthu 276 anapulumukira pa Malta combo citasweka. Tito anasiyidwa pa Crete pomwepa kuti alongosole mpingo. Mabwinja a chalichi ca dzina lake alipo ku Gortyn, ndipo mu mzinda wa Heraklion muli chalichi cimene cimasunga cigaza cimene amati ndi cake, cimene cinabwezedwa kucokera ku Venice mu 1966.

Njira yochuka kwambiri pa cisumbuci ndi ya m'cigwa ca Samaria, m'mapiri a Lefka Ori. Ndi makilomita 16. Munthu wa ku Katete kapena ku Lundazi adzati, amenewo ndi makilomita a m'mawa umodzi. Koma tamverani. Njirayi imayambira pa Xyloskalo, pafupi ndi Omalos, pa mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja, msinkhu wofanana ndi pamene pakhala mzinda wa Lusaka, ndipo imathera pa mcenga wa m'mbali mwa nyanja. Kutsika konseko ndi kwa tsiku limodzi. Makilomita oyamba ndi otsetsereka koopsa, njira yokhotakhota ya miyala yokhala ndi mitengo yogwirira m'mbali. Amene amathamangira pamenepa amafika pansi maondo akunjenjemera, njira isanafike n'komwe pa theka. Kucokera apo ndi miyala yokhayokha ya mumtsinje, ndi timilatho ta mitengo todumphira madzi. Anthu ambiri amatha maola asanu mpaka asanu ndi awiri.

Pakati pa ulendo pali mudzi wakale wa Samaria. Eni ake anasamutsidwa mu 1962 pamene boma linasandutsa cigwaci kukhala malo osungidwa. Nyumba zao za miyala zikalipo, ndi kachalichi ka Osia Maria kamene kanapatsa mudziwo dzina. Alimi a kwathu amene amakhala m'malire a mapaki a nyama sadzafuna womasulira kuti amve cisoni ca malo amenewa. Pamenepo ndi pomwe anthu amapumula, ndipo nthawi zina pamabwera mbuzi za m'chire zochedwa kri-kri, za nyanga zokhotera kumbuyo. Kuzidyetsa n'koletsedwa. Patsogolo pake mapiri amayandikana mpaka mpata kutsala mamita anai cabe, pamene makoma a thanthwe akwera mamita pafupifupi 300 uku ndi uku. Mu Meyi 1941, Majeremani atalowa pa cisumbuci, mfumu ya Greece George II inathawira m'mapiri omwewa n'kukakwera combo pa gombe kupita ku Egypt.

Cimene alendo ambiri amaiwala ndi ici: mudzi wa Agia Roumeli, kumene njira imathera, ulibe mseu wa motoka woulumikiza ndi kwina. Kucokako ndi pa boti, kupita ku Chora Sfakion kapena ku Sougia, ndipo kumeneko ndiye mupeza basi yobwerera ku Chania. Mukacedwa boti yomaliza ya madzulo mudzagona komweko, ndipo mphepo ikakula panyanja boti siyenda. Conco musaike tsiku la Samaria pafupi ndi tsiku lokwera ndeke. Siyani tsiku limodzi kapena awiri opanda cocita, ndipo m'thumba mukhale ndalama ya malo ogona. Tikiti imene mwagula polowa muisunge bwino. Amaifuna poturuka, kuti adziwe ngati wina watsala m'cigwa.

Nanga mwezi wabwino ndi uti? Mvula yao imagwa miyezi yofanana ndi yathu, kuyambira Novembala mpaka Marichi, koma kwa iwo imeneyo ndi nyengo yozizira, ndipo pamwamba pa mapiri pamagwa cipale. Nthawi imeneyo Samaria amatseka cifukwa mtsinje umasefukira ndipo miyala imagwa. Kawirikawiri amatsegula mu Meyi n'kutseka kumapeto kwa Okutobala, komanso pakati apa amatha kutseka tsiku lililonse la mvula kapena la kutentha kopitirira. Julayi ndi Ogasiti, pamene ife tili m'majuzi, kumeneko ndi ng'anjo. Taganizirani Okutobala wa m'cigwa ca Luangwa, koma pa thanthwe lopanda mtengo. Ife tikuona kuti Meyi ndiye mwezi woyenera: madzi ali m'akasupe, maluwa ali m'mapiri, ndipo kuno kwathu nchito ya khasu yacepa ngakhale kukolola kukalipo. Amene ayembekeza ndalama ya cimanga angasankhe kumapeto kwa Seputembala kapena kuciyambi kwa Okutobala, abwerere mvula isanagwe.

Za kutentha sitikunena zoopseza. Pa 5 Juni 2024, dokotala wa ku Britain wochuka pa wailesi ya kanema, Michael Mosley, wa zaka 67, ananyamuka pa gombe lina pa cisumbu ca Symi masana dzuwa lili paliwombo, yekha, foni ataisiya. Mtembo wake unapezeka pa 9 Juni pa malo a miyala, pafupi kwambiri ndi pamene panali anthu. Mwezi womwewo alendo enanso anafa kapena kusowa pa zisumbu zina ali pa maulendo a pansi. Munthuyu anali wodziwa za thupi kuposa ambiri a ife. Dzuwa likamuphika munthu, cinthu coyamba kusokonezeka ndi nzeru: amasiya njira, amalephera kuganiza zobwerera, amakhala pansi pamene palibe mthunzi. Mlimi amadziwa kuweruka kumunda dzuwa likafika pamutu. Nzeru yomweyo ipite nanu. Nyamukani mbandakuca, musayende nokha, uzani a pa nyumba ya alendo kumene mwapita ndi nthawi yobwerera. Nambala ya ngozi ndi 112, koma m'kati mwa zigwa foni nthawi zambiri sigwira.

Ubwino wa Samaria ndi wakuti muli akasupe a madzi akumwa m'njira, motero botolo limodzi lodzazanso limakwana, ndipo muli alonda a pakiyo. Njira zina zilibe zimenezi. Kucokera ku Agia Roumeli kulowera kum'mawa kuli njira ya m'mbali mwa nyanja, mbali ya njira yaitali ya E4 imene zizindikiro zake ndi za utoto wacikasu ndi wakuda. Mukayenda ola limodzi ndi theka mupeza kachalichi ka miyala ka Agios Pavlos, komangidwa pa mcenga, pamene anthu a kumeneko amakhulupirira kuti Paulo anafikapo. Mukapitirira mudzafika ku Loutro, pafupi ndi dooko lija la Phoenix limene combo ca Paulo cinalephera kufikako. Ndi ulendo wa maola asanu kapena kuposa, mthunzi ndi wocepa, ndipo madzi muyenera kunyamula okha, malita atatu munthu mmodzi. Kwa acikulire ndi a maondo ofooka ife tingasankhe cigwa ca Imbros, ca makilomita pafupifupi 8, ca maola awiri kapena atatu, ndipo mbali zonse ziwiri kuli mseu. Palibe manyazi pamenepo. Safunsa anadya phula.

Nsapato zikhale zolimba ndiponso zozolowera phazi. Ya tsopano yogula dzulo pa msika idzakupatsani matuza musanafike pa mudzi wakale uja. Mapatapata siyani. Cisote, ndodo, nshawa zokazinga zamcere ndi mankhwala anu a masiku onse zikhale m'cola.

Za mapepala n'zouma koma ndiye zoyambirira. Wokhala ndi pasipoti ya Zambia afunika viza ya Schengen. Mtengo wake unakwera kufika pa mayuro 90 mu Juni 2024, ndipo amafunanso inshuwalansi ya cipatala yosacepera mayuro 30,000, umboni wa kumene mukagona ndi tikiti yobwerera. Amalola kupempha miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanafike, conco musadikire mwezi womaliza. Muonetsetse kuti inshuwalansiyo ikuvomera ngozi za m'mapiri. Ndeke zocokera ku Lusaka zimadzera ku Addis Ababa, Doha kapena Dubai kukafika ku Athens. Kucokera apo ndeke ina imafika ku Chania pasanathe ola, kapena mungakwere sitima ya pamadzi pa dooko la Piraeus madzulo n'kukadzuka muli pa Crete.

Kwa alimi, maso asakhale pa mapiri pokha. Nthaka ya kumeneko ndi ya miyala, yakuti kuno tikanaisiyira anyani, koma anthu anaimangira mizere ya miyala m'matsitso n'kubzalamo mitengo ya azitona, ina ya zaka mazana ambiri, imene imapirira miyezi yonse ya cilimwe popanda dontho la mvula. Amakolola kuyambira Novembala, atayala maukonde pansi pa mitengo. Nkhosa ndi mbuzi amazikweza ku mapiri nthawi yotentha n'kuzitsitsa kukazizira, ndipo mkaka wake amapangira chizi. M'mbali mwa njira mudzaona ming'oma ya njuci ya mabokosi itandandalikidwa pakati pa tizitsamba tonunkhira. Mukapeza cipata ca waya panjira, dziwani kuti ndi ca mwini ziweto. Tsegulani, pitani, ndipo mumangenso monga munacipezera.