Mawanga oyera pa ndalama za siliva: musapukute

Ndine mmodzi mwa anthu amene timagula ndalama zachitsulo za siliva n'kumazisunga ngati chuma, monga American Silver Eagle imene inayamba kusulidwa mu 1986 ndi Silver Maple Leaf ya ku Canada ya mu 1988. Chimatisowetsa mtendere kwambiri ndi mawanga oyera ngati mkaka wouma, amene amalonda amawatcha milk spots.

Mtengo wa ndalamazi umadalira maonekedwe. Makampani a ku America monga PCGS ndi NGC amaziyesa, n'kuzipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 70, kenako amazitsekera m'kabokosi ka pulasitiki. Ya malikisi 70 ndiye kuti ilibe chilema, ndipo imadula kuposa ya 69 ngakhale siliva wake ndi yemweyo, magalamu 31.1. Chomvetsa chisoni n'chakuti mawanga amatha kutuluka patapita miyezi kapena zaka ndalamayo ili chitsekere. Pachikalata pamalembedwabe 70, koma wogula amakhulupirira maso ake.

Akatswiri ambiri amati gwero lake ndi kufakitale: mankhwala otsukira chitsulo akatsalira n'kutenthedwa nacho pamoto, amalowerera pakhungu la siliva. N'chifukwa chake banga lotere silichoka ngati fumbi. Royal Canadian Mint inabweretsa njira yotchedwa MintShield mu 2018 kuti ichepetse vutoli pa Maple Leaf.

Malangizo anga ndi awa. Musaswe kabokosi kuti mupukute. Nsalu, mankhwala otsukira mano kapena phulusa zimasiya timizere, ndipo oyesa akaona kuti ndalama inakwechedwa saipatsanso malikisi. Pamenepo mwataya zambiri kuposa zimene banga likanakutayitsani. Sungani ndalama pamalo ouma, makamaka nyengo ya dzinja, ndipo ikanimo timapaketi toyamwa chinyontho. Zimenezi zimateteza ku kuthimbirira, koma sizitsimikiza kuti mawanga sabwera.

Pogula, ipendekereni ndalamayo pansi pa nyale, chifukwa mawanga amabisala mukaiyang'ana molunjika. Dzifunseninso chimene mukulipirira. Ngati mukufuna siliva basi, ya mawanga ndi yabwino ndipo mutha kunenerera mtengo, pakuti banga silichepetsa kulemera. Koma ngati mukulipira ndalama zoonjezera chifukwa cha nambala 70, dziwani kuti phindu lomweli lingathe kusungunuka kabokosi kasanatsegulidwe n'komwe.