Nsima ikayamba kukakamira pakhosi

Ku Nachisaka, monganso m'midzi ina ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, munthu akayamba kudandaula kuti nsima ikumukakamira pachifuwa, abale sachedwa kugamula: "Anamudyetsa ameneyu." Kenaka ulendo wa kwa sing'anga kukasanzitsa. Miyezi imatha choncho, munthu akuwonda.

Chonsecho Malawi ndi dziko limene lili patsogolo padziko lonse pa chiwerengero cha odwala khansa ya kummero tikayerekeza ndi kuchuluka kwa anthu m'dzikolo, malinga ndi bungwe la IARC lomwe lili pansi pa WHO. Kodi afiti onse a dziko lapansi anasamukira kuno?

Vuto la nthendayi ndi lakuti mmero umatamuka. Chotupa chikayamba m'kati, mmero umafutukuka n'kumalola chakudya kudutsa ngati palibe chilichonse, ndipo munthu samva ululu. Amadzazindikira pamene njira yachepa kwambiri. Imayamba kukana ndi nyama, kenaka nsima, mpaka wodwala amatsirira madzi mbamu iliyonse. Akasinthira kuphala n'kuona kuti likudutsa, apabanja amati mankhwala a sing'anga agwira ntchito. Sanagwire ayi, phala ndi lofewa basi. Pamapeto pake ngakhale malovu amabwerera.

Kafukufuku wa pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe anapeza kuti theka la odwala amamwalira pasanathe miyezi inayi chiwapezereni nthendayi, ndipo wofika chaka ndi mmodzi yekha mwa anthu pafupifupi khumi. Ambiri amafika mochedwa moti chimene madokotala angachite n'kulowetsa kapaipi kummero kuti chakudya chizidutsa.

Zoyambitsa zake sizachilendo kwathu kuno kolima fodya: chingambwe, kachasu, utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera. Mu 2016 a IARC anachenjezanso za zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65, ndipo kafukufuku wa ku Malawi ndi Tanzania anaonetsa kuti okonda tiyi ndi phala lowotcha lilime ali pachiopsezo chachikulu. Komatu kumwa tiyi wamoto ena amakuyesa uchamuna.

Ngati chakudya chakhala chikukuvutani kumeza kwa masabata angapo, pitani kuchipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, mukapemphe kalata yopita ku Central kuti akakuunikeni kummero.