DWARF

DWARF ndi dongosolo losungira uthenga umene umathandiza olemba mapulogalamu a kompyuta kupeza zolakwika. Limagwiritsidwa ntchito kwambiri pa Linux ndi makina ena a mtundu wa Unix.

Ntchito yake

Munthu akalemba pulogalamu m'chiyankhulo cha C kapena C++, compiler imasandutsa zolembazo kukhala malangizo amene makina amamva. Posandutsapo, mayina ambiri amene wolembayo anapereka amatayika, pamodzi ndi manambala a mizere. Koma akawonjezera -g polamula compiler, iyo imasunga zimenezi m'fayilo motsatira DWARF. Pulogalamu ikafa mwadzidzidzi, debugger monga GDB imawerenga uthengawo n'kusonyeza mzere weniweni pamene pavuta.

Kusintha kwa mtundu

DWARF ili ndi mitundu ingapo. Mtundu 4 unatuluka mu 2010, ndipo mtundu 5 unatuluka mu February 2017. Compiler iliyonse ili ndi mtundu umene imasankha yokha ngati wolemba sanatchule. GCC inachoka pa mtundu 2 n'kupita pa 4 mu 2013, pamene GCC 4.8 inatulutsidwa. Mu April 2021, GCC 11 inayamba kugwiritsa ntchito mtundu 5 pa makina ambiri, ngakhale pa macOS inakhalabe pa mtundu 2. Clang nayo inatsatira mu 2022 ndi Clang 14. Ubwino waukulu wa mtundu 5 ndi wakuti uthenga wake umatenga malo ochepa m'fayilo.

Chifukwa chochedwera

Panadutsa zaka zinayi GCC isanasinthe, chifukwa compiler siyenda yokha. Zida zowerenga uthengawo zikakhala zakale, sizimva mtundu watsopano. Mtundu 5 umafuna GDB 8.0 kapena yatsopano kuposa pamenepo, komanso Valgrind 3.17.0. Chida chakale chimatha kukana fayiloyo kapena kulephera kusonyeza mizere, pulogalamu ilibe vuto lililonse.

Zimenezi zimakhudzanso ophunzira, monga a zamakompyuta ku University of Malawi mu mzinda wa Zomba. Ubuntu 20.04 imabwera ndi GCC 9, pomwe Ubuntu 22.04 imabwera ndi GCC 11, choncho pulogalamu imodzimodziyo imatuluka ndi mitundu yosiyana ya DWARF pa makompyuta awiriwa. Wofuna mtundu wakale amangolemba -gdwarf-4 polamula compiler.