Anapita ku Halale, sanabwelele: kulondola mapazi a mchona wa kwa Zingalume

Madzulo pa siteshoni m'tauni, ngwang'wazi akayamba kukuwa kuti "George, Zingalume! Wamodzi cabe!" ambili timangoganiza za komboni ija ya kuseli kwa Matero. Koma ine dzina limenelo limandifikitsa kutali, ku Chadiza, m'dziko la Mfumu Zingalume, kumene kukali ambuya anga obala amai.

Nditapita kukawaona pambuyo pokolola, anandiitanila m'nyumba, n'kutsegula kasutikesi ka malata. Anatulutsa envulopu imodzi yofiilila ndi utsi. "Iwe ukhala ku Lusaka, uwelenga manyuzi," anatelo. "Undipezeleko kumene anagona mlongo wanga. Ndisapite osadziwa."

Mlongo wawoyo ananyamuka pamudzi cha m'ma 1953, caka cimene Federation inayamba. Anati apita ku Halale kukafuna ndalama ya msonkho, njinga na bulangeti. Analemba kalata kawili, ndiye basi, zii. Kwathu munthu wotele timati mchona. Funsani amene mwakhala naye pampando umodzi m'basi muno: mabanja a kum'mawa amene alibe mchona ni owelengeka.

Amuna a ku Chadiza, Katete na Fort Jameson, imene manje ni Chipata, anali kudutsa m'dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi, mpaka kukafika ku mapulazi a fodya na migodi ya ku Southern Rhodesia. Ena anali kuyenda pansi, ena kukwela malole a boma la kumeneko amene anthu anali kuwachula kuti Ulele cifukwa sanali kulipilitsa. Ena anapitilila ku Joni, ku migodi ya golide, kudzela mwa Wenela, mpaka boma la Kaunda linaletsa kulemba anthu kotele dziko litangopata ufulu.

Nanga munthu wosowa zaka 70 umayambila pati kumufuna?

Ine ninayambila pa National Archives of Zambia, mu Government Road ku Ridgeway. Ambili timapita pafupi tikamapita ku UTH, osadziwa kuti m'menemo muli mapepala a makolo athu. Muli mabuku a maboma, amene ma DC a citsamunda anali kulembamo za mafumu, midzi na msonkho. Mulinso malipoti a maulendo awo a m'midzi, mmene anali kuwelengela amuna amene ali pamudzi na amene ali kunja pa nchito. Osayembekeza kupeza dzina la agogo anu m'menemo. Kwa mzungu wa pa boma, mwamuna wa kumudzi anali nambala cabe. Koma mudzaona kumene amuna a dela lanu anali kukonda kupita, ndipo cimeneco cimacepetsa thengo lofunamo.

Cimene cinanithandiza kwambili ni envulopu ija. Cidindo ca pa positi cinali kuonekabe: Gatooma. Kuseli kunali nambala ya bokosi. Apa m'pamene mabuku akale a makeyala, aja ochedwa directory, amagwila nchito. Anali kulembamo masitolo, makampani, migodi, mapulazi na azungu okhala m'matauni, pamodzi na mabokosi awo a positi. Munthu wakuda wa m'komboni ya pa mgodi sanali kulembedwamo. Conco osafuna dzina la wacibale wanu. Funani dzina la amene anamulemba nchito. Wanchito analibe bokosi lake, makalata anali kudzela kwa bwana. Nitatsata nambala ija m'buku la nthawi ya Federation, inanifikitsa pa dzina la mgodi wina waung'ono wa golide kufupi na tauni imeneyo. Thupi lonse linacita tsemwe. Pambuyo pa zaka zonsezi, agogo anali na malo pa mapu.

Pali misampha iwili imene muyenela kusamala nayo.

Woyamba ni maina a malo. Zimbabwe itapata ufulu mu 1980, maina ambili anasinthidwa mu 1982. Salisbury ni Harare, Gatooma ni Kadoma, Que Que ni Kwekwe, Sinoia ni Chinhoyi, Umtali ni Mutare, Wankie ni Hwange. Komanso kwa ambuya, "Halale" sitanthauza tauni imodzi. Dziko lonse la kutsidya kwa Zambezi ni Halale. Mukafuna mu Harare cabe, mudzataya nthawi.

Waciwili ni dzina la munthu mwiniyo. Kalaliki wolemba citupa anali kulemba mmene wamvela. Ena anali kutenga dzina lacilendo pa nchito, ena kubweleka citupa ca mnzawo, ena kunena kuti ni a ku Nyasaland pakuti cilankhulo ni cimodzi. Conco lembani maina onse: la ubwana, la ubatizo, la atate ake, mfunda wake, kaya ni Phiri, Banda kapena Mbewe, dzina la mudzi na la mfumu. Dzina lingasinthe, koma mudzi na mfumu kawilikawili munthu sanali kuzitaya.

Manyuzipepala akale nawonso ali na mau. Mutende, nyuzi ya boma imene inali kutuluka kucokela mu 1936 mpaka 1952, inali kulembedwa m'Cizungu, Cinyanja, Cibemba, Citonga na Cilozi, ndipo inali na makalata a owelenga. Kutsidya kunali Bantu Mirror ya ku Bulawayo na African Weekly ya ku Salisbury, zolembela anthu akuda. M'menemo mumapezeka nkhani za machalichi, mpila, maukwati, maliro na mabungwe a anthu ocokela dela limodzi. Ni nchito yofuna mtima wautali: tsamba na tsamba, maso mpaka kuwawa. Ine dzina la agogo sininalipeze. Koma ninayamba kuona umoyo umene anali kukhala, ndipo anasiya kukhala cithunzithunzi.

Ngati wanu anali ku Wankie, dziwani tsiku ili: 6 June 1972. Mgodi wa malasha wa nambala 2, wochedwa Kamandama, unaphulika n'kupha anthu 427, ndipo ambili mwa iwo anali ocokela kunja, kuphatikizapo a ku Zambia. Mitembo yambili inatsalila pansi, mgodi n'kutsekedwa. Caka ciliconse ku Hwange amacita mwambo wowakumbukila. Ngati anali ku Joni, mapepala a Wenela anatsala m'manja mwa bungwe la TEBA, limene linalowa m'malo mwake. Kumeneko nambala ya pa nchito ni yofunika kupambana dzina, conco kakhadi kalikonse kakale osakataya.

Wina anganene kuti, za anthu akufa zitithandiza ciani ise ofuna ya basi na ya unga? Yankho lili pa NRC yanu. Itulutseni muone: pali mudzi, pali mfumu. Kutsidya kuja kuli ana na adzukulu a machona amene sadziwa zolemba pa mizele imeneyo. Kwa zaka zambili zitupa zawo zinali kuwachula alendo m'dziko limene anabadwilamo, ndipo lamulo la mu 2001 linasiya ambili alibe unzika, mpaka malamulo atsopano a dziko a mu 2013 anatsegulako njila. Pa mapulazi na migodi ya kumeneko gule wamkulu akali kuvinidwa. Mwina pakati pa oomba ng'oma pali msuweni wanu, nayenso afunafuna inu.

Nitabwelela ku Chadiza ninauza ambuya kuti manda sininawapeze, koma napeza kumene anali kugwila nchito. Anakhala cete nthawi yaitali, ndiye anati, "Uchulenso dzina la malowo." Ninachula. Anabweleza katatu, pang'onopang'ono, monga mwana wophunzila pemphelo. "Basi," anatelo, "manje nidziwa kopenya nikamamuchula."

Ulendo wa ku Kadoma ukali patsogolo, ndalama ikapezeka. Koma inu amene muli na nkhalamba kumudzi, musayembekezele maliro kuti mukafunse. Imbani foni lelo. Funsani caka, funsani amene anapita naye, funsani ngati kuli kalata, cithunzi kapena citupa m'sutikesi. Mapepala a ku Ridgeway adzakuyembekezani, koma ambuya sadzayembekeza.