Ulendo wa Gulu ku Zomba, Likulu Lakale: Zokamba Anthu ndi Zoona Zake

Chaka chikamatha, makwaya, amayi a Mvano ndi magulu a banki m'khonde a ku Misesa, Bangwe ndi Ndirande amasonkherana ndalama zobwerekera basi kuti akaone malo. Ambiri amalunjika kunyanja ku Mangochi, Zomba n'kungoisuzumira pawindo. Chimawadutsitsa ndi nkhani zimene amamva, zomwe zambiri n'zopanda mutu.

Chikhulupiriro: Likulu loyamba la dziko lino linali Blantyre.

Zoona: Blantyre siinakhalepo likulu la boma. Inayamba ndi mishoni ya Church of Scotland mu 1876 ndipo inakula chifukwa cha malonda. Boma la Atsamunda linakhazikika ku Zomba mu 1891 pansi pa Harry Johnston. Ufulu utabwera mu 1964, likulu linakhalabe komweko mpaka 1975 pamene Dr Kamuzu Banda analisamutsira ku Lilongwe. Aphungu a Nyumba ya Malamulo anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994.

Chikhulupiriro: Likulu litachoka, ku Zomba kunasanduka bwinja.

Zoona: Kudakali nkhokwe ya zikalata zakale za dziko, National Archives, komanso malo osindikizira mabuku a boma. Mayeso amene ana athu amalemba amakonzedwa ndi MANEB komweko. Chancellor College inasamukirako kuchoka ku Chichiri mu 1973, ndipo lero ndiyo University of Malawi. Mzinda suferatu chifukwa boma lasamuka. Ku Russia, Saint Petersburg inali likulu zaka pafupifupi 200 boma lisanasamukire ku Moscow mu 1918, koma mpaka lero alendo amakhamukirako kukaona nyumba zachifumu ndi zinthu zakale za ku Hermitage. Anthu a kumeneko anasamalira zawo. Ifenso tili nazo zoti tisamalire.

Chikhulupiriro: Zakale za ku Zomba ndi mbiri ya Azungu, ife sizitikhudza.

Zoona: Apa ndi pamene timadzimana kwambiri. N'zoona kuti nyumba imene lero ndi Hotel Masongola inamangidwa mu 1886 kuti muzikhala kazembe wa Britain. Koma chipilala cha King's African Rifles, pafupi ndi Cobbe Barracks, chimakumbutsa za asilikali akuda, agogo athu, amene anafera pankhondo yoyamba yapadziko lonse. M'nyumba ya malamulo yakale ndi mmene Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, atasankhidwa mu 1956, ankapanikizira Atsamunda ndi mafunso. Ku Zomba komweko Bwanamkubwa Robert Armitage analamula kumangidwa kwa atsogoleri a chipani cha Congress pa 3 Malichi 1959, tsiku limene timakumbukira ofera dziko. M'ndende yaikulu ya Zomba ndi mmene Orton Chirwa anamwalirira mu 1992. Mwana wa ku Misesa amene waima pamalo amenewa sangaiwale msanga zimene aphunzitsi amamulembera pabolodi.

Chikhulupiriro: Dzenje la Chingwe, pamwamba pa phiri la Zomba, lilibe polekezera.

Zoona: Nkhani zoti mafumu ankaponyamo adani awo kapena odwala khate ndi zongosimbidwa pakamwa, ndipo aliyense amazikometsera mwake. Dzenjelo lili ndi pansi pake. Chofunika n'kugwira ana dzanja, chifukwa m'mphepete mwake mumaterera. Mayina ena a paphiripo ali ndi mbiri yodziwika: Emperor's View ndi pamene Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inaima mu 1965.

Chikhulupiriro: Kukaona malo n'kwa anthu opeza bwino.

Zoona: Kuchokera ku Limbe, kudzera pa Njuli, Namadzi ndi Thondwe, ndi mtunda wosakwana makilomita 70. Gulu likhoza kunyamuka m'mamawa ndi kamba wake n'kubwerako dzuwa lisanalowe, osalipira malo ogona.

Atsogoleri a magulu, konzani ulendowu mwadongosolo. Yambirani m'tauni, pa chipilala ndi ku Botanical Gardens, kenaka mukwere kuphiri kukaona damu la Mulunguzi ndi mathithi a Williams. Ku Archives pitani pakati pa sabata mutadziwitsiratu, ndipo pafupi ndi State House kapena malo a asilikali musajambule popanda chilolezo. Koposa zonse, tengani mphunzitsi wa mbiri kapena gogo amene anaona masiku a Fedulo, azikafotokozera achinyamata pamalo pomwepo.