Penti ndi mafuta a mabuleki pa galimoto yakale: mafunso ndi mayankho

Funso: Mabuleki amabisika kuseri kwa matayala. Kuwapenta n'kwa chiyani?

Yankho: N'kuletsa dzimbiri. Dilamu, caliper ndi mbale yogwira mashuzi zimakhalira kumwa madzi ndi matope a mumsewu. Chotsani dzimbiri ndi burashi yawaya, tsukani girisi yense, kenaka pakani penti yopirira moto, yopyapyala. Koma fumbi la mudilamu musaliwuzire. Mashuzi akale ambiri anali ndi asbestos, amene amawononga mapapo. Fumbilo linyowetseni, mulipukute.

Funso: Ndi pati posayenera kufika penti?

Yankho: Mkati mwa dilamu momwe mashuzi amakhula, pankhope ya disiki, mkati mwa silinda, pamphira, m'mazinga a kabawuti kotulutsira mpweya, ndi pomwe tayala limagona. Penti ikatsalira pamalo omalizawa imaphwanyika ikatentha, manati n'kuyamba kukhwefuka. Matani tepi musanayambe.

Funso: Nanga bwanji penti yatsopano imatuza matuza pansi pa master cylinder?

Yankho: Ndi mafuta a mabuleki. A DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 ndi a glycol, ndipo amadya penti. Akadontha, thirani madzi ambiri pomwepo. Khalidwe lawo lina ndilo lalikulu: amayamwa chinyezi cha mumpweya. DOT 4 watsopano sayenera kuwira asanafike pa 230°C, koma akamwa madzi malire amatsikira pa 155°C. Potsika phiri mafuta akawira, chopondera mabuleki chimangolowa mpaka pansi, galimoto osaima. Morris Minor, yomwe master cylinder yake inabisika kunsi kwa pansi pa galimoto, imaiwalika kawirikawiri pa nkhaniyi.

Funso: Ndiye tonse tisamukire ku DOT 5?

Yankho: Musathamange. DOT 5 ndi wa silicone, wa mtundu wapepo. Sadya penti, samwa madzi, n'chifukwa chake eni galimoto zongoimika m'nyumba zoonetsera amamukonda. Komatu madzi akalowa sasungunuka mwa iye: amadikha m'munsi mwa mapaipi n'kumadya chitsulo mwakachetechete. Amasunganso tithovu ta mpweya, motero kutulutsa mpweya kumafuna kuleza mtima, ndipo chopondera chimamveka chofewa. Pa galimoto ya ABS saloledwa. Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mayinawa: munthu amaona DOT 5 ndi DOT 5.1 pashelefu n'kuyesa ndi pachibale, pomwe sasakanizika ndi pang'ono pomwe. Wofuna silicone ayambe ndi mapaipi otsukidwa bwino ndi mphira zonse zatsopano.

Funso: Kodi galimoto zonse zakale zimalandira mafuta a DOT?

Yankho: Ayi. Citroën DS inasintha mu 1966 n'kuyamba kugwiritsa ntchito LHM, mafuta obiriwira a mineral. Mukathiramo DOT, mphira zake zatha. Chimodzimodzinso mafuta a mineral akalowa m'mabuleki a DOT, mphira zimafufuma. Werengani zolembedwa pachivindikiro ndi buku la galimotoyo musanatsegule botolo.

Funso: Inuyo mungasankhe ati?

Yankho: Pa Land Rover Series kapena Volkswagen Beetle yomwe ikuyendabe pamsewu, thirani DOT 4 wa m'botolo losatsegulidwa, ndipo muziwasintha zaka ziwiri zilizonse.