Owerenga Zimbudzi Akafika Pakhomo

Mpopi wa m'komboni usanakumbiridwe, pamayamba kubwera anyamata ndi atsikana oyenda khomo ndi khomo, buku kapena foni m'manja, nafunsa mafunso amene ena awaona ngati acipongwe. Mugona angati muno? Madzi mutunga kuti? Cimbudzi ici mulowamo mabanja angati, nanga cikadzala mumatani naco?

Anthu ambiri amawazemba. Eni nyumba za lendi aganiza kuti ndi a kanselo ofuna msonkho kapena ofuna kugwetsa nyumba, tsono pamalo pokhala mabanja 6 iwo anena 2. Bodzali libwerera komboni yonse, cifukwa akatswiri apima kukula kwa thanki ndi kuculuka kwa mipopi poyang'ana manambala omwewo. Anthu akalembedwa ocepa, mipopi imangidwanso yocepa, mzere wa zigubu utalika, ndipo mai wotopa ndi kuyembekeza abwerera ku citsime cakale ca kuseri kwa nyumba.

Citsimeco ndico ciopsa. Ku Kanyama mu Lusaka, pansi pali mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu, ndipo madzi ali pafupi kwambiri. M'dzinja zonyansa za m'cimbudzi zidutsa m'ming'alumo kukalowa m'zitsime zosazama, ngakhale madziwo aoneke oyera mbee. Ndiye cifukwa cace ofufuzawa apima mtunda wa pakati pa cimbudzi ndi citsime, natengako madzi m'botolo kukawayesa. Koma pali zina zimene cipangizo sicingawauze akabwera m'cilimwe: pamene madzi amaima m'Febuluwale, njira imene ana aopa kupitamo usiku, khomo limene munadwala anthu atatu sabata limodzi. Izi azidziwa ndi azimai, amene kawirikawiri amakhala kumbuyo pamsonkhano pamene azibambo, osagwirako cigubu, ndiwo ayankha.

Nkhaniyi si yatsopano. Kolera ya mu 1991 inagwira anthu oposa 13,000 m'Zambia. M'zaka zotsatira boma la Japan linathandiza kukumba zitsime zakuya ndi kumanga mathanki ndi mipopi ya onse ku George Compound mu Lusaka, pamodzi ndi malo ocapirapo zobvala. Eni komboni anasankha oyang'anira mipopi, ndipo mabanja anali kulipira kandalama ka pamwezi kokonzetsera zoonongeka. Kumanga kunali kwapafupi; cobvuta cinali cakuti anthu aleke zitsime zaulere nayambe kulipira madzi.

Matendawa anabweranso mu Okutobala 2017, ndipo pofika Januwale 2018 bwalo la mpira la Heroes Stadium linasanduka cipatala ca odwala kolera, masukulu nacedwa kutsegulidwa. Zomwezo zinacitikanso mu Januwale 2024. Makomboni opanda mipopi yokwanira ndi zimbudzi zabwino ndiwo anazunzika koposa.

Kukayika alendo si kulakwa, pakuti akuba nawonso amadziwa kunyamula buku. Mwini khomo ali ndi ufulu wofunsa kalata kapena citupa ca bungwe limene lawatuma, ndi kufunsanso ngati a komiti ya citukuko m'wadi yao akudziwa za ulendowo. Wofufuza weniweni sapempha ndalama. Akatsimikiza, awauze anthu onse ogona pamalopo, alendi ndi makanda omwe, awaonetse citsime ngakhale cobisika, ndipo afunse tsiku la msonkhano umene zopezekazo zidzawerengedwa pamaso pa anthu, malo a mpopi asanasankhidwe.